Mmene ndinasiyira fodya, ndi tsiku limene ndinataya posaka mankhwala

Lero ndakwanitsa miyezi 14 osaika ndudu pakamwa. Alamu anga andifunsa kachitatu tsopano kuti ndinatani, ndipo nthawi zonse ndikayamba kuwafotokozera ndimathera kukalipa za tsiku limene ndinapita kukasaka mankhwala, iwo n'kuchoka osatolapo kanthu. Ndiye bola ndilembe kamodzi, iwo awerenge, ndi wina aliyense amene chibaba chikumuzunza.

Ine ndimalima fodya wa bale kufupi ndi Chinkhoma ku Kasungu. Amene mumakudziwa kuno mukudziwa kuti kusiya fodya kwathu n'kosiyana ndi kwa munthu wa m'tauni. Iye akangosiya kupita pa okala, wathana nazo. Ife fodya ali m'chigafa pamwamba pa mutu, ali m'manja pogreda, ali m'zovala, ngakhale m'tsitsi la ana. Ndinayamba ndili mnyamata, kupichira chingambwe m'pepala la kope ndi zotsalira zogreda, ndudu za m'paketi zinkabwera ndalama za ku okushoni zikatuluka. Zaka 22 zinapita choncho.

Chimene chinandigwedeza ndi chifuwa. Chinayamba cha mu Disembala 2023 tikuwokera, chinakana kutha. Mlangizi wa zaumoyo wa kwathu anandimva ndikutsokomola pamsonkhano wa mudzi, anandikokera pambali. "Bambo, chifuwa chikapitirira masabata awiri timayezetsa makhololo." Ndinapita, ndinapereka, sanandilipiritse kalikonse. Chifuwa chachikulu sanachipeze, koma anandiuza mosapsatira kuti wosuta chimamugwira msanga kuposa wosasuta, ndipo chikamugwira chimamuvuta kwambiri. Ngati mukutsokomola chonchi, yambirani pamenepo, kuyeza TB m'zipatala za boma n'kwaulere. Musachite kuganizira nokha kuti ndi fodya chabe.

Tsopano tsiku lija. Mphwanga amene ali ku Johannesburg anandiuza pafoni kuti kumeneko kuli timapepala tomata pamkono ndi chingamu chokhala ndi nikotini, mankhwala a m'fodya amene amabweretsa chibaba, zoti munthu azichepetsa chibaba pang'onopang'ono osakoka utsi. Zinthuzo zilipodi ndipo zimathandiza, sindikuzinyoza ayi. Cholakwa chinali kunyamuka osafunsa kaye ngati zikupezeka kumene ndikupitako. Ndinadzuka kusanache, ndinasiya fodya ali pamphasa wosagreda, anyamata aganyu opanda wowayang'anira. Inali nthawi ija kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chitakwera, kondakitala akutchula mtengo umene wafuna. Ndinafika pachipatala china cholipira, sinditchula dzina lake. Pakhomo pomwe anati K8,000 yoonana ndi dokotala. Ndinafunsa kuti kodi pano mumathandiza ofuna kusiya fodya? Mtsikana wa pawindo anati eya, lipirani mukhale pabenchi. Ndinalipira. Ndinakhala.

Kuyambira 8 koloko mpaka cha m'ma 2 masana ndili pabenchi limenelo. Amati adokotala atuluka pang'ono, kenako amati ali ku nkhomaliro, kenako amati ayambira odwala kwambiri. Zimenezo sindikanadandaula, wodwala ayambe ndithu. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi mphindi zitatu zimene ndinakhala m'chipindamo. Sanandifunse kuti ndimasuta zingati patsiku, sanafunse kuti ndinayamba liti, ngakhale kuti ndudu yoyamba ndimayatsa nthawi yanji m'mawa. Anangoti, "Bambo, ingosiyani, n'kulimba mtima basi." Akulemba kale mankhwala a chifuwa ndi mavitamini, oti ndigule pawindo lawo lomwelo. Nditatchula za timapepala tija anati iwo sasunga, ndikayese m'mafamase. Nanga bwanji osandiuza zimenezo pawindo m'mawa muja ndisanatulutse ndalama? Funso ndinafunsa lomveka bwino. K8,000 kuti munthu andiuze mawu amene mayi a kunyumba akhala akundiuza kwaulere chikwatirane!

Mafamase ndinayenda anayi. Awiri sanadziwe n'komwe chimene ndikunena, wina anandipatsa masiwiti a pakhosi, wachinayi anati mwina ku Lilongwe. Lilongwe ndi mtunda woposa makilomita 100 kuchokera pa boma la Kasungu, ndipo mawu anali akuti "mwina". Ndinakhala pansi pa depoti ndi njala, mutu ukugunda, ndinasuta ndudu zisanu motsatizana. Tsiku limene ndinanyamuka kukasiya fodya ndi limene ndinasuta kwambiri chaka chonsecho. Pobwerera m'minibasi munakwera wogulitsa mabotolo a madzi akuda, akuti amachotsa chibaba, shuga, BP ndi kusabereka zonse pamodzi. Mayi wina anagulira mwamuna wake. Musagule zimenezo chonde. Ndinafika kunyumba kutada, anyamata atasakaniza magredi, ntchito ya tsiku lonse yoyambiranso.

Ndiye ngati mukufuna timapepalato kapena chingamu, imbani foni kaye, kapena mutume wachibale amene ali m'tauni akaone ndi maso ake kuti zilipo ndipo ndi ndalama zingati. Ndipo pachipatala cholipira musatulutse ndalama musanamve kuti thandizo lake n'lotani kwenikweni.

Ndaiwala kunena kuti ulendo umenewu usanachitike ndinali nditayesapo kale kusiya, mu Febuluwale, ndipo ndinagwa tsiku lachinayi. Nthawi imeneyo ndinkati ndine wofooka. Pambuyo pake ndinazindikira kuti ndinasankha mwezi wolakwika. Febuluwale ndi nthawi yothyola. Tsamba likakhala lonyowa ndi mame kapena mvula, nikotini amalowa kudzera pakhungu. N'chifukwa chake ana ndi amayi osasuta amachita chizungulire, nseru ndi mutu akathyola m'mamawa. Ndiye iwe ukuti wasiya, pamene thupi likumwabe kudzera m'manja, fungo lili m'mphuno tsiku lonse, madzulo ukusoka pamodzi ndi anzako amene akupichira. Mlimi mnzanga, dikira ugulitse kaye, chigafa chikhale chopanda kanthu. Ndipo nyengo yothyola ikafikanso valani malaya a manja aatali, dikirani mame aume ngati n'kotheka, sambani ndi sopo mukangotuluka m'munda, ana asalowemo.

Ine ndinasankha 31 Meyi 2024. Ndinamva pawailesi kuti limenelo ndi tsiku loganizira zoipa za fodya padziko lonse, mabelo anga ambiri anali atapita kale, ndinati basi likhale lomwelo. Kusankha tsiku kumathandiza chifukwa "ndisiya posachedwa" ndinakhala ndikunena zaka khumi.

Sindinali ndekha, ndipo apa ndi pamene pali nkhani yonse. Pabawo pathu tinalipo anayi osuta kwambiri: ine, mdala wina wotchera njinga, mnyamata wa kabaza, ndi atsibweni a mkazi wanga. Nditawafotokozera za K8,000 ija, mdala uja sanaseke. Anati, "Achimwene, ndalama mwataya, koma ife tilipo. Tiyeni tisiyire limodzi." Tinapangana lamulo limodzi lokha: usanayatse, fulasha mnzako. Sizifuna mayunitsi. Wafulashidwa uja ngati ali nawo aimbe, ngati alibe afulashe wachitatu. Mukalankhulana zilizonse, za mpira, za mtengo wa soya, za mbuzi yasowa. Cholinga n'chakuti mphindi khumi zidutse. Chibaba chili ngati kamvuluvulu wa mu Okutobala, chimabwera mwaukali n'kunyamula zonse, koma sichikhalitsa. Ukachidikira mphindi zochepa chimapita chokha, usute usasute. Zimenezi palibe anandiuzapo zaka 22 zonsezo, ngakhale m'chipinda chija.

Masiku atatu oyamba ndi oipa, ndisakunamizeni. Lachiwiri ndi lachitatu ndiye pachimake. Ndinakalipira mwana chifukwa choika kapu pamalo olakwika, tulo tinkabwera cha m'ma 3 usiku, mutu ngati wamangidwa ndi mphira, m'mimba mouma. Uzani a m'nyumba mwanu pasadakhale kuti sabata imeneyo mukhala wovuta, ndipo mupepese mukalakwa. Mayi a kunyumba anandipirira kwambiri. Usiku wachitatu atandipeza nditakhala pakhonde ndikunjenjemera miyendo, anangoti, "Bambo, imbirani anzanu aja," n'kundipatsa foni yawo chifukwa yanga inali itazima. Sabata yachiwiri zinayamba kupepuka. Pofika kumapeto kwa mwezi thupi linali litaleka kukuwa, kunatsala chizolowezi chokha.

Chifuwa chinakula kaye chisanathe, ndipo ndinachita mantha. Mlangizi uja anandiuza kuti zimatero, timaubweya ta m'njira ya mpweya timene utsi unkatifooketsa timayambanso kusesa, ndiye zoipa zimatuluka. Koma anati ndikaona magazi, kapena kutentha thupi usiku, kapena kuonda, ndibwerere msanga. Sizinafike pamenepo.

Chizolowezi ndiye chimafuna nzeru. Muone nthawi zimene dzanja limapita lokha m'thumba. Kwa ine zinali tiyi wa m'mawa, ndikangomaliza nsima, ndi popita kuchimbudzi. Tiyi ndinamusiya milungu itatu, ndinkamwa phala. Ndikamaliza nsima ndinkadzuka nthawi yomweyo, kukasamba m'kamwa, n'kuyenda mpaka kudimba. M'thumba munkakhala mtedza wosasenda, chifukwa kusendako kumatangwanitsa zala, ndipo inali nyengo ya nzimbe, ndinadya zambiri. Madzi ndinkamwa pafupipafupi. Njala imakula, zakudya zimayamba kukoma, lamba ndinasuntha bowo limodzi, koma zimenezo si zoopsa poyerekeza ndi utsi. Machesi musayende nawo. Ndalama zing'onozing'ono musayende nazonso, chifukwa pa okala ndudu amagulitsa imodziimodzi, ndipo imodziyo ndi imene imagwetsa anthu, osati paketi. Mowa ndinausiya miyezi itatu yathunthu. Amene akuti asiya fodya koma azipitabe kumowa sabata yoyamba akudzinamiza.

Ndipo usanayatse, fulasha mnzako. Ndikubwereza dala.

Za maliro ndinene, chifukwa kumeneko n'kumene mnyamata wa kabaza anagwera. Unali mwezi wa Julayi, kukuzizira kwambiri, amuna tagona panja kuzungulira moto, chingambwe chikuyenda dzanja ndi dzanja. Mkulu akakupatsira pamaliro, kukana kumaoneka ngati mwano. Iye analandira. M'mawa anatizemba, masiku anayi osabwera pabawo, foni osayankha. Atsibweni ndi amene anamulondola pa siteji. Sanamunyoze, anangomuuza kuti, "Mwanawe, masiku 40 aja sanapite pachabe, mapapo ako anapuma. Tiyambirenso kuwerenga." Anabwerera, ndipo tsopano wakwanitsa chaka. Kuyambira pamenepo tikapita kumaliro timakhala moyandikana, kumbali kumene utsi sukupita, ndipo yankho tinakonzeratu: "Zikomo bambo, a chipatala anandiletsa." Palibe mkulu amene amakakamiza akamva choncho. Mnzanu akagwa musamuchititse manyazi, manyaziwo ndi amene amamubweza ku paketi yonse.

Ndalama imene ndinkagulira ndudu ndinayamba kuwapatsa mayi madzulo aliwonse, iwo n'kumakaponya ku banki m'khonde. Pogawana mu Disembala inakwana yunifolomu ndi makope a ana awiri, n'kutsalako ya mbewu ya mtedza. Ndinayang'ana ndalamazo nthawi yaitali osalankhula. Mwana wamng'ono amene ankatsokomola usiku uliwonse nyengo yozizira, chaka chino wagona bwino. Sindinganene motsimikiza kuti ndi chifukwa cha ine, koma ndinkasutira m'nyumba, ndipo utsi umene wosuta watulutsa umavulazanso amene ali pafupi. Zimenezi zimandipweteka ndikaziganiza.

Ena amandifunsa kuti nanga bwanji ukulimabe. Funsolo ndi loona, ndipo limandivuta. Dziko lathu linalowa m'pangano la WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, lochepetsa fodya mu 2023, koma fodya yemweyo ndi amene amabweretsa ndalama zambiri zakunja, ndipo kuno ku Kasungu ndi amene wamanga nyumba zamalata zambiri. Ine ndachepetsa munda, theka ndaika soya ndi mtedza. Kusiyiratu sindinafikepo. Nyengo yothyola ya chaka chino inali mayeso enieni, fungo la m'chigafa linandikumbutsa zonse, ndinafulasha anzanga mwina kasanu patsiku, iwo osatopa nane.

Ndikakumbukira benchi lija mtima umawirabe. Akanangondifunsa mafunso awiri, akanangondiuza kuti chibaba chimatha pa mphindi zochepa, kuti tsiku lachitatu ndiye loipitsitsa, ndikanati ndalamayo yagwira ntchito. Botolo la mankhwala a chifuwa lija likadali pawindo, sindinalitsegule.

Alamu, mwati mabelo anu omaliza apita sabata yamawa. Sankhani tsiku, muwauze achemwali anga kuti akupirireni, machesi musiye kukhitchini. Loweruka masana tili pabawo, mdala uja wati akusungirani malo. Nambala yanga muli nayo, ngakhale 2 koloko usiku fulashani, ndiimba.