Tebulo la mwala ku Djemila

Chibwerereni kuno ku Nchalo anthu akungondifunsa zomwezomwezo, ku Algeria mumadya chani, kuli mchenga wokhawokha eti, Chiarabu munachiphunzira. Palibe amafunsa za Djemila, komanso angafunse bwanji poti ngakhale anzanga ena a kusukulu konkuja anali asanapondeko.

Ine ndinapita Loweruka lina m'nyengo yozizira. Kuchokera mu tauni ya Sétif ndi makilomita ngati 50, msewu wokhotakhota ngati wa pa Thabwa pokwera ku Blantyre, kungoti kumeneko ukamakwera mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Malowa ali pa mamita 900 ndiye tangoganizani mwana wa kuchigwa amene ndinakula tikugona panja mu Okutobala, majuzi awiri koma mano akugundanabe.

Ndi mabwinja a mzinda wa Aroma, iwo ankautcha Cuicul. Unayamba nthawi ya mfumu Nerva, cha m'ma 96 mpaka 98, ngati malo okhala asilikali opuma pantchito, ndipo anaumanga pamsana pa phiri pakati pa mitsinje iwiri, moti misewu yake imachita kutsetsereka. Dzina loti Djemila ndi la Chiarabu, kutanthauza chokongola, ndipo sananame. A UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, anauika pa mndandanda wawo wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 1982 koma tsikulo tinalipo anthu ochepa zedi, umamva mapazi ako pa miyala.

Zazikuluzikulu ndinaziona, chipata chamiyala chomwe anamangira mfumu Caracalla mu 216 (Afalansa mu 1839 anafuna kuchinyamula kupita nacho ku Paris, zinakanika), kachisi wa banja la mfumu Severus wokhala ndi masitepe ambirimbiri, bwalo la zisudzo lomwe analisema m'mbali mwa phiri lokwana anthu ngati 3000, mabafa, ngakhale pobatizira Akhristu kanyumba kozungulira. Ndinajambula zonse mpaka foni inathima.

Koma chomwe ndafuna kulemba ndi msika. Pali kamsika komwe anamanga anthu a banja la Cosinius, timashopu tozungulira bwalo, mabenchi amiyala ogulitsirapo akadalipo. Pakhoma lina pali tebulo la mwala lokhala ndi maenje osiyana kukula, amenewo ndiye anali miyezo ya mzinda. Wagula tirigu, ukukaika kuti akubera, umapita kukathira pamenepo anthu onse akuona. Mwala sungaufinye ngati ndowa ya pulasitiki, sungaugogode kunsi ngati chigoba kuti chichepe. Ine ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa pa kachisi paja, mnzanga mpaka anayamba kudandaula kuti basi yomaliza itisiya.

Dzana amalume anabwera kuchokera ku Ngabu, mlimi wa thonje kuyambira ine ndisanabadwe. Magetsi anali atathima, tinakhala pansi pa mtengo wa nimu ndikuwaonetsa zithunzi. Chipata chija anangoti "ee, anali ndi mphamvu anthuwa" nkudutsa. Bwalo la zisudzo anafunsa ngati munkaseweredwa mpira. Atafika pa tebulo lija anandilanda foni.

"Ichi nchiyani, mtondo?"

Ndinawafotokozera. Anakhala chete, kenako anayamba kukuza chithunzicho ndi zala zawo zokhakhala zija, kumayang'ana dzenje lililonse. Chaka chatha venda wina anabwera ndi sikelo yake pa njinga, thumba lomwe iwo akudziwa kulemera kwake chifukwa analinyamula okha kuchokera kumunda linapezeka laperewera, ndipo kukangana sukanatha chifukwa kunyumba kulibe ufa ndipo sikelo ina kulibe.

"Ndiye amene ankayang'anira mwalawu ndani?"

"Akuluakulu a mzinda, amalume."

"Nanga iwowo akagwirizana ndi mavenda?"

Apo ndinasowa chonena, ndinangoseka. Iwo sanaseke. Anati ndiwatumizire chithunzicho pa WhatsApp ya mwana wawo, akufuna akawaonetse anzawo ku kalabu ya alimi Lachitatu, ndipo anandifunsa kawiri kuti dzina la malowo amalemba bwanji.