Tikuthokoza onse amene munathandiza amayi athu

Ife a banja la ku Chilomoni tikuthokoza bambo a minibasi amene munatsitsa anthu n'kunyamula amayi athu atagwa pamtsetse wopita kumsika. Dzina lanu sitinalifunse n'komwe, koma Mulungu akudziwani.

Ku chipatala cha Gulupu atawajambula anapeza kuti fupa la ntchafu lathyokera kumtunda, pafupi ndi pomwe limalowa m'chiuno. Adokotala anatiuza kuti izi n'zofala kwa okalamba, makamaka amayi amene anasiya kusamba, poti mafupa awo amafewa moti kungoterereka pang'ono fupa lapita. Ena amawamanga ndi zitsulo kuti fupa ligwirane, koma amayi athu anawachotsa mutu wa fupalo n'kuikapo wachitsulo, chifukwa likathyokera pakhosi pake magazi safikakonso bwino.

Zikomo madokotala, anamwino, ndi inu osadziwika amene munapereka magazi. A mafizo, inu othandiza odwala kuti ayambenso kuyenda, poyamba tinkakuonani ngati ankhanza powadzutsa amayi athu msangamsanga, chonsecho mumawateteza ku zilonda za pabedi ndi chibayo. Amayi a bedi loyandikana, phala lija munkagawana nawo sitiliiwala.

Pano amayi athu akuyenda ndi ndodo mpaka kubafa okha.