Usiku umene nambala 25 inakwera kudenga ku Ottawa

Sitima ya VIA Rail yochoka pa Union Station ku Toronto kupita ku Ottawa, likulu la Canada, imayenda maola anayi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, ndipo Lachisanu pa 17 February 2023 ndinakwera ya m'mawa ndili ndi tikiti ya masewero amene ndinali ndisanawamvetsepo bwino. Alamu anga, amene anabadwira ndi kukulira kufupi ndi Ottawa, ndi amene anagula matikiti atatu, yawo, yanga ndi ya mphwanga wa zaka 12, ndipo pafoni anandiuza kuti usiku umenewo timu ya hockey ya pa ayisi ya Ottawa Senators idzapumitsa jezi nambala 25 ya Chris Neil. Nditafunsa kuti munthuyo anagoletsa zigoli zingati kuti alandire ulemu wotere, anaseka kwambiri, nkunena kuti ndibwere ndidzaone ndekha. Achemwali anga sanafune tikiti. Iwo anali ndi nkhani ina imene ankafuna kuti ndidzaweruze monga malume, ndipo anati tidzakambirana ndikafika.

Tinadutsa ku Belleville, ku Kingston ndi ku Brockville, kenako sitima inakhotera kumpoto kulowera ku Smiths Falls, minda yonse ili mbuu ndi chipale chofewa. Ndinatsikira pa siteshoni ya Fallowfield, imene ili kufupi ndi kwawo kusiyana ndi siteshoni yaikulu ya mumzinda. M'galimoto alamu anayamba kundiphunzitsa. Mu hockey ya pa ayisi timu iliyonse imakhala ndi osewera asanu ndi goloboyi pabwalo, amasinthana pafupipafupi chifukwa liwiro lake munthu sangalipirire kupitirira mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo kugundana ndi thupi nkololedwa bola wogundidwayo akhale ndi puck, kampira kakuda kophwatalala kamene amakankha ndi ndodo. Chimene chinandivuta kumeza ndi chakuti mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ku Canada ndi ku America, osewera awiri akavula magolovesi nkuyamba kuponyerana zibakera, oyimbira amawaleka kaye mpaka wina atagwa kapena onse atatopa, kenako aliyense amakakhala mphindi zisanu m'kachipinda ka chilango, nkubwereranso m'masewero ngati sipanachitike kanthu. Ife amene tinakulira pa mpira wa miyendo timadziwa kuti chibakera chimodzi chokha ndi khadi lofiira, ndipo wosewerayo amakhala masabata ali panja.

Pali osewera ena amene ntchito yawo yeniyeni ndi imeneyo, ndipo Achingerezi amawatcha enforcer. Timu imasunga munthu wotere kuti adani adziwe kuti akavulaza katswiri wogoletsa zigoli, pali wina amene adzabwera kudzafunsa mlanduwo ndi nkhonya. Chris Neil anali wotero. Senators inamusankha mu 1998 pa nambala 161, kutanthauza kuti achinyamata 160 anaoneka ofunika kuposa iye chaka chimenecho. Anayamba kusewera mu NHL mu 2001, anasiya mu 2017, ndipo nthawi yonseyo sanavalepo jezi ya timu ina. Anasewera masewero 1,026, anagoletsa zigoli 112 zokha, koma anasonkhanitsa mphindi 2,522 za chilango. Ndinawerengetsera pafoni tili m'galimoto momwemo ndipo ndinapeza kuti ndi maola 42, pafupifupi masiku awiri athunthu, usana ndi usiku, munthu atakhala m'kachipinda kagalasi akudikira kuti amutsegulire.

Bwalo la Canadian Tire Centre lili ku Kanata, kumadzulo kwa mzinda, pakati pa malo aakulu oimikapo magalimoto m'mbali mwa msewu wa 417, ndipo mphepo ya kumeneko imalowa mpaka m'mafupa munthu akamayenda kuchoka pagalimoto kukafika pakhomo. Mkati mumalowa anthu oposa 18,000. Titakhala pamipando yathu, pamwamba ndithu, mphwanga anandikoka dzanja nkundilozera kudenga kumene kunali zinsalu zitatu za manambala opumitsidwa: 8 ya Frank Finnigan, wa timu yakale ya Senators ya zaka za m'ma 1920 ndi 1930, 11 ya Daniel Alfredsson, kaputeni wa ku Sweden amene anagoletsa zigoli zochuluka kuposa wina aliyense m'mbiri ya timuyi, ndi 4 ya Chris Phillips, wotchinga kumbuyo amene anasewera masewero 1,179. Kupumitsa nambala kumatanthauza kuti palibenso wosewera wa timuyo amene adzaivale. Timu imene inalowa mu NHL mu 1992 inali itapereka ulemu umenewu kwa anthu atatu okha, ndipo wachinayi anali munthu wa zigoli 112.

Mwambowo unachitika masewero asanayambe. Magetsi atazimitsidwa, pa kanema wamkulu wolendewera pakati pa bwalo anayamba kuonetsa zithunzi za moyo wake wamasewero, ndipo ndinaona kuti zigoli zake anthu ankaziwombera m'manja mwaulemu, koma ndewu iliyonse ikaoneka bwalo lonse linkagwedezeka ndi phokoso. Neil anali ndi chizolowezi chimene aliyense ku Ottawa amachidziwa: akamaliza ndewu, akupita ku kachipinda ka chilango, ankakwezera manja m'mwamba kuuza ochemerera kuti akweze mawu, uku akumwetulira ndi m'kamwa mopanda mano akutsogolo. Bambo wina wachikulire amene anakhala kutsogolo kwathu, atavala jezi yofiira yothetheka m'zigongono, anaimirira nkumakweza manja chimodzimodzi, misozi ili mbwee, mkazi wake akumugwira lamba kuti asagwere pamzere wakutsogolo. Kenako chinsalu cha nambala 25 chinakwera pang'onopang'ono, Neil ndi banja lake ataima pa ayisi akuyang'ana m'mwamba. Pochoka sanatulukire pakhomo la osewera. Analowera m'kachipinda ka chilango, ndipo anthu anaseka ndi kukuwa nthawi imodzi. Alamu anandinong'oneza kuti a Washington Capitals atapumitsa nambala 32 ya Dale Hunter mu 2000, anamupatsa kachipinda ka chilango ka m'bwalo lawo lakale ngati mphatso, chifukwa iye anali ndi mphindi 3,565, ngakhale kuti Hunter anali wogoletsanso kwambiri kuposa Neil.

Pa nthawi yopuma ndinawafunsa alamu mosabisa mawu kuti timu imapindula chiyani ndi munthu wotere. Sanandiyankhe ndi manambala. Anandikumbutsa za mu May 2017, pamene Ottawa inkalimbana ndi New York Rangers m'ndime yachiwiri ya mpikisano wa Stanley Cup, chikho cha akatswiri a NHL, momwe matimu awiri amakumana mpaka ina itapambana masewero anayi. Rangers inali itapambana masewero awiri otsatizana, ndipo wosewera wawo Tanner Glass ankagunda anyamata a Ottawa mmene akufunira. Mphunzitsi wa Ottawa Guy Boucher anaika Neil m'masewero achisanu, munthu wa zaka 37 amene anali atakhala panja nthawi yaitali. Neil anasewera mphindi zosakwana zitatu usiku wonse, koma Glass atagunda Dion Phaneuf wa Ottawa, iye anamulumphira pomwepo nkulandira chilango. Ottawa inapambana 5-4 m'nthawi yowonjezera, inapambananso masewero achisanu ndi chimodzi, ndipo inakagonjera Pittsburgh m'ndime yotsatira pa masewero achisanu ndi chiwiri. Alamu amakhulupirira ndi mtima wonse kuti mphindi zitatu zija ndizo zinatembenuza zinthu, popeza anyamata amene ankasewera mwamantha anayamba kuyenda ndi puck momasuka atadziwa kuti pabenchi pali wowaimira. Ine sindingatsimikize zimenezo, pakuti zigoli zisanu zija anagoletsa ndi ena, koma mawu akuti mutu umodzi susenza denga ndinawamva mwatsopano: wogoletsa amalimba mtima chifukwa cha mnzake amene dzina lake silioneka pa mndandanda wa zigoli.

Komabe nkhani ya Neil ili ndi mbali ina imene anthu a ku Buffalo sanaiiwale. Pa 22 February 2007 iye anagunda Chris Drury, kaputeni wa Buffalo Sabres, puck itachoka kale pandodo yake, ndipo Drury anagwa magazi akutuluka kumutu, nkukhala masewero angapo osasewera chifukwa cha kugwedezeka kwa ubongo. Oyimbira sanapereke chilango. Mphunzitsi wa Buffalo, Lindy Ruff, anatumiza anyamata ake ankhonya kukalimbana ndi akatswiri a Ottawa, ndewu inabuka pabwalo lonse, mpaka goloboyi wa Ottawa Ray Emery anamenyana ndi goloboyi mnzake Martin Biron kenako ndi Andrew Peters, onse awiri a Buffalo, akumwetulira. Usiku umenewo mlonda ndiye anayatsa moto, ndipo amene anayenera kuwateteza ndiwo anakumana ndi zibakera. Anthu a ku Ottawa amanyadira kuti m'zaka zake zonse Neil sanaimitsidwepo ndi ligi ngakhale masewero amodzi, ndipo zimenezo nzoona, koma Drury akanafunsidwa mwina akanafotokoza mosiyana.

Masewero a usikuwo anali ndi Chicago Blackhawks, timu imene inali pafupi ndi pansi pa ligi. Ottawa inatsogola 3-1 m'chigawo chachitatu, anthu anayamba kuimba, kenako zonse zinasokonekera. Patrick Kane wa Chicago, munthu wochepa thupi amene sadziwika ndi ndewu, anagoletsa zigoli ziwiri usiku umenewo, ndipo Chicago inapambana 4-3 m'nthawi yowonjezera. Tinatuluka mwakachetechete kulowa mumphepo ija.

Loweruka m'mawa tinapita mumzinda kukaona ngalande ya Rideau, imene m'nyengo yozizira imasanduka njira ya makilomita 7.8 yotsetserekerapo pa ayisi. Inali yotseka. Ayisi anali asanachindikale mokwanira, ndipo patapita masiku ochepa analengeza kuti chaka chimenecho sidzatsegulidwa nkomwe, koyamba kuchokera pamene anayamba kuitsegula mu 1971. Alamu ndi mphwanga atapita kukagula BeaverTails, timikate tophwatalala tokazinga towaza shuga ndi sinamoni, achemwali anayamba nkhani yawo tili chiimire pamlatho. Mnyamatayo amasewera hockey kuyambira ali ndi zaka zisanu. Bungwe la Hockey Canada linaletsa kugundana ndi thupi kwa ana a zaka 11 ndi 12 mu 2013, koma akafika zaka 13 m'matimu ampikisano kugundanako kumayamba, ndipo iye anali atatsala miyezi yochepa kuti afike pamenepo. Ndi wamtali kuposa anzake, ndipo makolo ena a pa timu anali atayamba kale kumutcha dzina la Neil momuyamikira.

"Achimwene, inu ndinu mwini mbumba," anatero. "Bambo ake akuona chinsalu chija kudenga, ine ndikuona mutu wa mwana wanga."

Achemwali ndi namwino, ndipo mayina anali nawo pamtima. Derek Boogaard anamwalira mu May 2011 ali ndi zaka 28 atasakaniza mowa ndi mankhwala opha ululu. Rick Rypien ndi Wade Belak anamwalira mu August chaka chomwecho, wina ali ndi zaka 27, wina 35. Onse atatu anali anyamata ankhonya a mu NHL. Bob Probert, amene ambiri amati anali woopsa kuposa onse pa nthawi yake ku Detroit ndi ku Chicago, anamwalira ndi matenda a mtima mu 2010 ali ndi zaka 45, ndipo akatswiri a ku Boston University atapima ubongo wake anapeza matenda a CTE, amene amabwera chifukwa cha kumenyedwa kumutu mobwerezabwereza. Anawapezanso mwa Boogaard. Neil anaima pa ayisi usiku uja ali wamphamvu, akulankhula bwinobwino, ana ake ali pambali pake, koma achemwali anati sitingayese ntchito yonse ndi munthu mmodzi amene anatulukamo wamoyo ndi wathanzi.

Ndinawauza zimene ndinaona. Sindikukhulupirira kuti bambo wa jezi yothetheka uja ankalirira zibakera zokha. Ankalirira munthu amene anasankhidwa mochedwa, amene analibe luso la Alfredsson, koma anakhala zaka zonse pa timu imodzi akugwira ntchito imene ena ankaiopa, ndipo mzinda ngati Ottawa, umene akatswiri ake ambiri anachoka kupita ku matimu ena, umakumbukira amene anatsala. Kulimba kotere mnyamata angakuphunzire popanda kuvula magolovesi, ndipo ngakhale mu NHL malo a munthu wodziwa nkhonya zokha akutha, moti kaputeni wa Senators usiku uja, Brady Tkachuk, anali woti amamenyana inde, koma nyengo imeneyo anagoletsanso zigoli zoposa 30. Ndinati mwanayo asewere chaka chimodzi m'gulu logundanalo, koma akangovulala kumutu kamodzi, nkhani ya kubwerera pa ayisi ikhale m'manja mwa dokotala ndi mayi ake, osati mphunzitsi kapena bambo ake. Achemwali sanavomere ndipo sanakane. Anangoti ndikanene ndekha mawu amenewo kwa alamu, pamaso pa mwanayo, ndisanakwere sitima.

Ndinawanena Lamlungu masana m'galaja, mphwanga akuyanika zovala zake zamasewero pa kachitsulo, fungo la thukuta lili thoo. Alamu anamvetsera atagwira helemeti ya mwanayo, akuitembenuza m'manja, kenako anandionetsa kamng'alu kakang'ono chakumbuyo kwake kamene anati anali asanakaone, nkunena kuti mawa lake apita kukagula ina. Mphwanga anafunsa ngati ndidzabwere kudzaonera masewero ake oyamba mu October, ndipo ndinamulonjeza kuti ndidzabwera. Sitima yobwerera ku Toronto ndinakwerera pa Fallowfield pomwe paja, kunja kutayamba kuda.