Tsamba la Facebook la shopu yanga: ntchito yomwe ndinapatsa wina ndi yomwe ndinatsala nayo

Ndimasoka zovala za chitenje ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo makasitomala ambiri masiku ano amandipeza pa Facebook ndi pa WhatsApp. Koma munthu sungapalase makina uku ukuyankha foni. Nyengo ya maukwati ikafika, mauthenga ankagona osayankhidwa, ndiye ndinayamba kufunafuna wondithandiza.

Ndinayamba ndasuzumira pa Fiverr, pomwe anthu a m'maiko osiyanasiyana amatsatsa ntchito zotere, ena kuyambira pa madola 5. Mtengo wake ndi wokopa, koma kulipira kumafuna khadi ya kubanki yololedwa kugula kunja, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikusowera. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, timadola tomweto tinasanduka ndalama yoonekera. Nanga munthu wa ku Lahore kapena ku Manila angalembe chiyani za chovala cha pachinkhoswe? Ndinazisiya.

Ndinapeza mnyamata wina wa kukoleji yemwe ankayendetsa kale masamba a mashopu angapo. Tinapangana kuti ndizimulipira pamwezi pa Airtel Money, kuphatikizapo ya bandulo.

Chinthu choyamba chomwe anapempha ndi pasiwedi yanga ya Facebook. Ndinakana, ndipo inunso mukane. Tsamba la bizinesi limalola kuwonjezerapo munthu wina. Mumalowa pa Settings, n'kupeza pa Page access, kenako n'kumuitana kudzera pa akaunti yakeyake. Pamenepo pali kabatani ka full control. Musakakhudze. Munthu mukamupatsa mphamvu imeneyo akhoza kukuchotsani inu eni ake, n'kupita nalo tsamba ndi anthu onse omwe munavutikira kusonkhanitsa. Popanda iyo amathabe kuika zithunzi, kuyankha makomenti ndi kutsatsa. Nambala ya foni ndi imelo zolowera pa akaunti zinatsala zanga.

Kunena zoona, mwanayo dzanja ali nalo. Zomwe ankakonza pa Canva, pulogalamu yokonzera zithunzi, zinali zooneka bwino kuposa zanga, ndipo ma like anachuluka. Koma ma like sagula ulusi. Zithunzi zitamuthera anayamba kutenga madiresi a pa intaneti, mpaka mayi wina anabwera ataloza chithunzi pa foni, akufuna nsalu yomweyo, yomwe ngakhale mutazungulira msika wonse wa Lilongwe simungaipeze. Wina akafunsa kuti "zingati?", iye ankangolemba kuti "inbox". Sindinamuimbe mlandu kwenikweni. Mtengo wa diresi umadalira mamita a nsalu, ngati pakufunika layini m'kati, zipi, ndi thupi la mwini wake. Angazidziwe bwanji ali m'kalasi?

Chomwe chinandiwawa ndi uthenga wa mayi wina wa ku Joni: "Asisi, ndikufuna madiresi 6 a operekeza mkwatibwi, nsalu ndatumiza kale kwa achemwali anga ku Kawale, mungathe?" Anayankhidwa mawa lake, m'Chingelezi, kuti zikomo potilembera. Pomwe ndinkauona uthengawo, ntchito inali itapita kwa telala wina.

Tinakhala pansi n'kugawana ntchito mwatsopano. Zithunzi ndimajambula ndekha, m'mawa, pakhomo pa shopu pomwe kuwala kumagwa bwino, kumbuyo kuli khoma loyera. Chovala chilichonse ndimachijambula kutsogolo, kumbuyo, ndi pafupi penipeni kuti msoko uoneke. Kasitomala ndimamujambula pokhapokha akavomera. Lamlungu ndimamutumizira mnyamatayo zithunzi za sabata yonse, chilichonse ndi mawu ake komanso mtengo woyambira. Iye amazikonza, amaikapo dzina la shopu, n'kuzindandalika mu Meta Business Suite, pulogalamu yoyendetsera tsamba la Facebook, kuti zizituluka zokha pa tsiku ndi nthawi yomwe tasankha. Pulogalamuyi ndi yaulere.

Kuyankha anthu ndiye sindinapatsenso munthu. Pansi pa chithunzi chilichonse pali nambala ya WhatsApp Business, momwe ndinaikamo katalogu ndi mayankho osungiratu: komwe shopu ili, kayezedwe ka chiuno ndi kutalika kwa amene ali kutali, ndi zoti theka la ndalama limayamba laperekedwa ndisanadule nsalu. Ndimayankha ndikamadya nkhomaliro ndi madzulo ndikatseka.

Za boost, zolipira Facebook kuti chithunzi chifike kwa anthu ambiri, timangochita nyengo ya maukwati ndi ya Khirisimasi, ndi ndalama zochepa, tikulunjika amayi a mu Lilongwe momwemuno. Nazonso zimafuna khadi, ndiye zimadalira kuti mwezi umenewo khadiyo ikudutsa kapena ayi.

Malipiro a pamwezi tinasiya. Pano ndimamulipira malinga ndi zithunzi zomwe wakonza sabata imeneyo, ndipo mgwirizano wonse tinaulemba pa WhatsApp kuti pasadzakhale kukanirana. Akadzamaliza sukulu n'kupeza ntchito, ndidzangochotsa dzina lake pa Page access n'kuikapo la wina.