Zikomo Mayi Pulofesa, ndi nonse amene simudanditaye

Dzulo masana akadaulo amene amayesa kafukufuku wanga wofufuza mankhwala a malungo adavomereza kuti ntchitoyi yakwanira digiri ya PhD, ndipo ndikulemba izi maso ali olemera ndi tulo, koma mtima ukukana kuti ndigone ndisanathokoze. Ambiri a inu mukudziwa kale mmene zinthu zidandithinira m'chaka chachitatu, choncho sindibwereza zonse.

Ndiyamba ndi Mayi Pulofesa amene adandiyang'anira, ndipo mundikhululukire chifukwa ndibwereranso kwa iwo. Molekyu (kachinthu kakang'ono kwambiri kopanga mankhwala) imene ndidaivutikira zaka ziwiri inkapha tizirombo ta malungo, Plasmodium falciparum, mwamphamvu ndithu m'timbale ta m'labotale, koma zotsatira za mayeso a hERG, oona ngati mankhwala angasokoneze mtima, zitabwera zidaonetsa kuti inkatsekanso njira ya potaziyamu imene imathandiza mtima kugunda mwadongosolo. Aliyense wa ntchito yathuyi akudziwa kuopsa kwake, pakuti ndi vuto lomweli limene lidachotsetsa mankhwala a terfenadine ndi cisapride pamsika anthu atayamba kale kuwamwa. Tsiku limenelo ndidavula magolovesi, ndidakhala pansi kukhonde la chipinda cha NMR, makina ofufuzira kapangidwe ka mamolekyu, misozi n'kumangotsika. Mayi Pulofesa sadachulutse mawu ondipepesa. Adandiitanira ku kabati yokoka mpweya woipa, adajambula molekyuyo pagalasi lake, nazunguliza nayitrojeni wa kumchira, n'kunena kuti vuto lagona pamenepo, ndiponso kuti molekyu yonseyo ikukonda mafuta mopitirira muyeso. Miyezi yotsatira idali yowawa, chifukwa molekyu imodzi ikauleka mtima, chiwindi chinkaigaya msanga, ndipo ina ikapirira chiwindi, inkakana kusungunuka m'madzi. Chojambula chija sindidachifufute pagalasipo kufikira tsiku limene tidapeza yoyenera.

Mayi ameneyu adalowa m'ntchito yofufuza mankhwala katswiri wa sayansi ya mankhwala Christopher Lipinski asanafalitse malamulo ake a 1997, aja onena kuti mamolekyu a mankhwala akumwa kawirikawiri salemera kupitirira madalitoni 500 (muyezo wa kulemera kwa mamolekyu), ndipo mpaka lero amatichenjeza kuti tiziwagwiritsa ntchito malamulowo koma tisamawapembedze. Ndi iwo amene adandikakamiza kuwerenga mmene katswiri wa ku China Tu Youyou adazindikirira kuti kuwiritsa masamba a chomera cha Artemisia annua kunkaononga mphamvu yake yolimbana ndi malungo, nayamba kuwasungunula ndi mankhwala amadzimadzi otchedwa ether popanda kutentha kwambiri, kufikira chiyeso cha nambala 191 chidagwira ntchito mu 1971, pamene mphoto ya Nobel idadzabwera mu 2015. Ndi iwonso amene adandiikira patebulo zolemba za gulu lofufuza mankhwala la Kelly Chibale la H3D ku Cape Town zokhudza MMV390048, molekyu yolimbana ndi malungo, kuti ndione mmene anzathu adayendetsera molekyu kuchoka m'botolo kufikira poyesedwa pa anthu. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati akungondichulutsira zowerenga, koma mawu a akulu akoma akagonera. Dzulo mmodzi mwa ondiyesa adaulula kuti iyenso amaphunzitsa ophunzira ake pogwiritsa ntchito pepala limene Mayi Pulofesa adalemba ine ndisanayambe n'komwe sukulu ya ukachenjede, ndipo Mayi Pulofesa adangowerama ngati kuti amene akunenedwayo ndi munthu wina.

Ndikuthokoza akatswiri osamalira makina amene ankanditsegulira labotale usiku, anzanga amene ankandiyang'anira kolamu ya silika, chipangizo choyeretsera mamolekyu, ndikatopa, komanso banja langa limene lidapirira kusowa kwanga. Kwa iwo amene adasiya kuyankha mauthenga anga zotsatira za hERG zitamveka, koma lero akufunsa ngati maina awo angalowe papepala la kafukufukuyu limene likubwera, ndilibe nawo chifukwa, kungoti mainawo adalembedwa kale.

Mayi Pulofesa, inu mudawerenga mutu wachinayi wa kafukufuku wanga kasanu konse, ndipo ulendo womaliza mudauwerenga muli odwala, mudakali ndi mphamvu yondibwezera chifukwa cha manambala awiri amene sankagwirizana. Mulungu amene adakupatsani maso oona nayitrojeni uja akuonjezereni masiku, ndipo akusungireni ophunzira ena obwera pambuyo panga.

Molekyu yathuyi sidafike potchedwa mankhwala, ndipo mayeso a pa mbewa akudikira. M'mawa uno Mayi Pulofesa anditumizira kale uthenga wofunsa ngati ndaiyeretsa mokwanira, ndipo ndawayankha kuti Lolemba ndidzakhala ndili m'labotale.