Sabata yomwe ndinabwerera mmbuyo ndi ana anga a Sitandade 6

Lolemba ndinalowa mkalasi sikimu yanga (ndondomeko ya zophunzitsa) ikunena kuti sabata ino tiwonkhetsa mafulakishoni a ma denominator (manambala apansi) osiyana. Ndinalemba pa bolodi 1/4 + 1/6 nkuwasiya ayesere kaye. Pochonga makope mtima unangoti phwii, ambiri alemba 2/10. Awonkhetsa zapamwamba pazokha, zapansi pazokha, basi atha. Ngakhale ana omwe amakhala pa nambala wani ndi thuu ndi yomweyo. Ndinafotokoza za LCM (lowest common multiple, nambala yaing'ono kwambiri yomwe manambala onse awiri amalowamo ndendende) kawiri, onse "yes sir" mokweza, koma nkhope zikuoneka kuti sitili limodzi.

Usiku ndinakhala ndi silabasi yochokera ku MIE, bungwe lokonza masilabasi la ku Domasi, nkumayitsata chammbuyo, kuti ndione pomwe chingwe chinadukira. Samu imeneyi imafuna LCM, LCM imafuna mwana adziwe ma multiples, ma multiples ndi kuchulukitsa basi, ndipo kuchulukitsako ndi kuwonkhetsa nambala imodzimodzi kangapo, zomwe amayamba kumakalasi a mmunsi. Masamu anayalidwa choncho, mutu uliwonse wakhala pamsana pa unzake. Ngakhale manambala amakwera pang'onopang'ono, ife tinazolowera kuti Sitandade 1 amalekeza pa 9, Sitandade 2 pa 99, Sitandade 3 pa 999, Sitandade 4 pa 9,999. Mwana akadumpha sitepe imodzi palibe amadziwa, amangokwera kalasi ndi anzake, ndiye bala limadzaonekera kwa ine patatha zaka zitatu.

Lachiwiri sindinaphunzitse fulakishoni ayi. Ndinangofunsa pakamwa, 6 kuchulukitsa ndi 4, 7 ndi 3, tizinthu tating'ono. Ena amayankha pompo, koma gulu lalikulu limayamba kujambula timizere kumapeto kwa kope nkumawerenga kamodzikamodzi ngati a Sitandade 2. Mwana wotere ungamuuze bwanji kuti apeze nambala yomwe 4 ndi 6 zimalowamo zonse? Pa buleki ndinapita kwa madamu a Sitandade 3 kukadandaula, iwo anandiyankha modekha kuti aphunzitsi, inenso ndimalandira ana osadziwa kusiyanitsa 14 ndi 41, ndiye ndiyambire pati. Sindinawatsutse, kalasi yawo ndimayiona, ana amakhala mpaka pakhomo.

Pali china chomwe chimandivutitsa kwambiri, ndi chilankhulo. Mpaka Sitandade 4 mwana amaphunzira masamu mChichewa, amadziwa kuwonkhetsa, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa. Akafika Sitandade 5 zonse zimatembenuka, ndi add, subtract, multiply, divide, pamwamba pake numerator ndi denominator. Ndiye nthawi zina samuyo mwana amaidziwa ndithu koma dzina lake ndi lomwe lamusokoneza. Lachitatu ndinaziona ndi maso, nditati "lowest common multiple" kalasi zii, nditati tiwerenge modumpha anayianayi kenako asanu ndi mmodzi mmodzi tione pomwe tikumanirane, manja anakwera.

Tsiku limenelo tinagwiritsa TALULAR yeniyeni, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi. Ndinawauza abweretse zitsekerero za mabotolo ndi njere za chimanga, gulu lina likuunjika milu ya 4, lina milu ya 6. Awa 4, 8, 12, awo 6, 12, ndipo kamnyamata kena kakumbuyo komwe sikalankhula konse kanakuwa kuti sala, takumana pa 12! Ndinachita kumuombetsera mmanja. Lachinayi tinadula timapepala tofanana kutalika, kamodzi nkukapinda panayi, kena pa 6, kachitatu pa 12, nkumaziika moyandikana. Anaona okha kuti 1/4 ikudya tizigawo titatu pa 12 paja, 1/6 tiwiri, zonse pamodzi 5/12. Ndinawafunsanso kuti 2/10 yanu ija ndi yaikulu kapena yaing'ono poyerekeza ndi 1/4 yomwe tinayamba nayo, atayeza anapeza kuti ndi yaing'ono, ndiye zingatheke bwanji uwonkhetse koma nkutsala ndi zochepa. Apo mpomwe ambiri anaisiyira.

Lachisanu a hedi anaitanitsa ma rekodi, anaona kuti ndatsalira sabata yathunthu. Anandikumbutsa kuti a PEA, alangizi oyendera masukulu a pulayimale, akhoza kubwera tsiku lililonse komanso ana awa zaka ziwiri zikubwerazi akukalemba mayeso a MANEB a Sitandade 8, silabasi siidikira munthu. Zoona ndithu, nanenso zimandidetsa nkhawa. Koma ndinawaonetsa makope a Lolemba ndi a lero, nkuwauza kuti kutsogoloku kuli ma decimal, ma percentage ndi ratio, zonsezo zimadalira fulakishoni yomweyi. Anakhala chete pang'ono kenako anasainira, nkundiuza kuti ndilembe chifukwa chake mu remarks.

Si onse afika ayi, ndili ndi ana okwana 20 omwe tebulo yochulukitsa ndi 6 ikuwavutabe. Ndagwirizana ndi madamu aja kuti andibwereke tchati chawo cha ma tebulo, anawa ndizitsala nawo mphindi 30 tikaweruka kuyambira Lolemba.