Guluu wosefukira pa nambala 43

Pa shelefu yanga pali chimbale chimodzi chimene sindichimvera kawirikawiri, koma kuchigwira m'manja kokha ndiye pafupipafupi. Chikuto chake ndi pepala lolimba lofiirira, lopindidwa pamanja, ndipo m'mbali imodzi guluu anasefukira n'kuumira pomwepo. Kumbuyo wina analemba ndi bolopeni kuti 43/100, kutanthauza chimbale cha nambala 43 mwa zimbale 100. Ndinachigula pakhomo la holo oimba atangotsika pasiteji, ndipo amene anandipatsa chenji ndi mnyamata yemwe uja amaimba ng'oma, thukuta lili kamukamu.

Guluu ameneyu ndiye amandikoka mtima. Amandiuza kuti zimbalezi zinali zochepa moti anthu atatu kapena anayi anatha kuzimata zonse usiku umodzi.

Ian MacKaye ndi Jeff Nelson, oimba amene anayambitsa kampani yaing'ono yotulutsa zimbale ya Dischord Records ku Washington DC mu 1980, anayamba chonchi. Anamatula chikuto cha chimbale china kuti aone mapindidwe ake, n'kutengera pomwepo, kenako anakhala pansi ndi anzawo, sizasi ndi guluu m'manja, kudula ndi kumata chimodzichimodzi. Pambuyo pake ankasindikiza mtengo pachikuto penipeni, kuti wogula adziwe ngati wamalonda akufuna kumudyera masuku pamutu. Tangoganizani, chikuto chikuikira kumbuyo wogula! Ankadziwa kuti omvera awo ndi achinyamata a m'matumba mopepuka.

Ku Montreal, ku Canada, a kampani ina yaing'ono ya zimbale, Constellation Records, anachita zina mu 1997. M'chimbale cha gulu la Godspeed You! Black Emperor munali envelopu, ndipo mu envelopumo munali kandalama kachitsulo kophwathalala, kamene anakaika panjanji sitima n'kukaponda. Palibe kampani yogulitsa zimbale mamiliyoni imene ingatume munthu kukadikira sitima.

Koma si zikuto zonse za oimba oima paokha, osadalira makampani akuluakulu, zimene zili zodzichepetsa. Cha gulu la Joy Division cha mu 1979, chimene wojambula Peter Saville anakonzera kampani ya zimbale ya Factory Records ku Manchester, n'chakuda bii, pakati pali timizere toyera tosonyeza mafunde a wailesi ochokera ku nyenyezi ina. Kutsogolo kulibe dzina la gulu, kulibe nkhope ya woimba. Makampani akuluakulu amafuna nkhope ndi dzina zionekere patali kuti wodutsa aime. Ichi chikungoti wodziwa adziwa. Ndimachikonda, komabe ndivomere kuti muli kamatama mmenemo, ndipo kamatama kameneka ife omvera tili nako. Timasangalala kukhala m'kagulu kochepa.

Lero nyimbo zambiri timamvera pafoni, pomwe chikuto chimachepa ngati chikhadabo, pamene cha chimbale chachikulu cha pulasitiki chotchedwa vinyl chimakwana masentimita 31 mbali iliyonse. N'chifukwa chake sindiseka anthu ogula makaseti pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti pomwe oimba amagulitsa okha nyimbo zawo, alibe n'choimbira chomwe. Nyimboyo ali nayo kale. Akugula chinthu chimene chadutsa m'manja mwa woimba, ndipo akudziwa kuti gawo lalikulu la ndalamayo likafika kwa iyeyo.

Chondinyansa n'choti makampani akuluakulu anaona zimenezi n'kutengera. Chimbale chimodzi amachitulutsa m'mitundu ingapo, chofiira, chobiriwira, choonekera mkati, chilichonse akuti chilipo chochepa, kuti wokonda woimbayo agule zonse. Pepala amasankha lokhakhala dala, zilembo zooneka ngati zolemba pamanja koma zotuluka m'makina, zofanana ndendende pa chikuto chilichonse. Ndikachigwira chotere ndimachitembenuza, kuyang'ana m'mphepete. Mwaukhondo mopitirira. Palibe pamene dzanja linatsetsereka.

Gulu lija la nambala 43 linatha patangopita zaka ziwiri, ndipo nyimbo zawo sindinazipeze paliponse pa intaneti. Inki ya bolopeni yayamba kufufutika, 3 uja akuoneka ngati 8. Nthawi zina ndimadzifunsa kuti 44 ali ndi ndani, komanso ngati pa chake guluu anasefukiranso.